Galimoto Yakale Yosintha Yokha Magiya Imafuna Woyendetsa Wodekha

KABWE. Mnyamata amene anaphunzira kuyendetsa pa lole kapena pa vaneti yonyamula cimanga, akalowa kwa nthawi yoyamba m'galimoto yakale ya otomatiki, amayamba wayang'ana pansi. Kumeneko amapeza zopondera ziwiri zokha m'malo mwa zitatu, ndipo phazi lake lakumanzere, limene linazolowera kilachi, limasowa pokhala. Ambiri akaona zimenezi amaseka, nanena kuti imeneyi ndi galimoto ya ana, yoti ngakhale munthu wosaphunzira angathe kuyendetsa. Maganizo otere aononga magalimoto abwino ambiri, ndipo nthawi zina apweteketsa anthu.

M'tauni ya Kabwe, monganso m'matauni ena a m'mbali mwa njanji, magalimoto a zaka za m'ma 1950 ndi 1960 atsala owerengeka. Ena anakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo nkhuku zimaikiramo mazira. Ena eni ake anawasunga bwino, kotero kuti amatha kuturuka tsiku la ukwati kukanyamula mkwatibwi. Galimoto yotere ikagwera m'manja mwa mwana kapena mdzukulu monga cuma camasiye, banja limakhala ndi cinthu camtengo wapatali cimene cingathe kufa m'sabata imodzi yokha cifukwa ca kusadziwa. Bokosi lake la magiya likapsa, zitsulo zokonzera nzovuta kupeza, ndipo kawirikawiri zimacita kuitanitsidwa kunja kwa dziko.

Galimoto imeneyi imasintha yokha magiya, koma nzeru zonse za pa mseu zimatsalabe kwa woyendetsa. Imasiyana ndi galimoto ya kilachi, ndipo imasiyananso m'zinthu zingapo zofunika ndi magalimoto a otomatiki a ku Japan amene adzaza miseu lero.

Mmene anafikira ku Broken Hill

Kabwe ndi tauni ya mgodi ndi njanji. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kumeneko m'caka ca 1902, ndipo T. G. Davey, amene anaiona, anacha malowo Broken Hill potengera dzina la mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, ndipo dzina lakuti Kabwe linakhazikitsidwa mu 1966, dziko litalandira kale ufulu. Mseu waukulu wa Great North Road umapyola m'tauniyi, ndipo kucokera ku Lusaka pali mtunda wa makilomita pafupifupi 140. Anthu ambiri olankhula Cinyanja anacoka kwao kum'mawa kukafuna nchito ya mgodi ndi ya njanji kumeneko.

M'nthawi ya atsamunda, eni magalimoto ambiri anali Azungu a ku mgodi, a ku njanji, a Boma ndi a m'mafamu, pamodzi ndi Amwenye a masitolo. Anthu akuda ndiwo anali madalaivala, otsuka magalimoto ndi othandiza amakanika, amene ankachedwa masipanala boyi. Magalimoto ankacokera ku England ndiponso ku South Africa, kumene makampani a Ford ndi General Motors anali ndi mafakitale olumikiza magalimoto mu mzinda wa Port Elizabeth kuyambira zaka za m'ma 1920. Ufulu utabwera mu 1964, Azungu ambiri pocoka anagulitsa magalimoto ao kwa makalaliki, aphunzitsi ndi anchito a ku njanji. Ambiri mwa magalimotowo anali a kilachi, pakuti a otomatiki anali okwera mtengo, koma ocepa amene analipo ankadziwika ndi aliyense.

Luso limeneli linayambira ku America. Mu 1939 kampani ya General Motors inaturutsa bokosi la magiya lochedwa Hydra-Matic, naliika m'magalimoto a Oldsmobile a caka ca 1940. Wogula ankaonjezera madola 57 pa mtengo wa galimoto. Bokosilo linali ndi magiya anai opita kutsogolo, ndipo pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse linaikidwanso mu akasinja ena a nkhondo. Mu 1950 magalimoto a Chevrolet analandira bokosi la Powerglide, la magiya awiri okha. Mu 1956 kampani ya Chrysler inacotsa ndodo yosankhira magiya niika mabatani pafupi ndi ciwongolero. Mu 1961 munabadwa bokosi la magiya atatu la Borg-Warner 35, lopangidwa ku Letchworth m'dziko la England, limene linalowa m'magalimoto a Ford Zephyr ndi Zodiac, Hillman, Rover ndi Volvo. Caka comweco kampani ya Mercedes-Benz inayamba kupanga bokosi lakelake la magiya anai.

Cinsinsi cili m'mafuta

Mai akamatakasa madzi mumphika waukuru ndi mthiko, cikho cimene cikuyandama pamwamba cimayamba kuzungulira ngakhale mthiko sunacikhudze. Madzi ndiwo anyamula mphamvu ya dzanja naipereka ku cikho. Umu ndi mmenenso galimoto ya otomatiki imagwirira nchito. Pakati pa injini ndi magiya pali mphika wacitsulo wotsekedwa, wodzaza mafuta, ndipo mkati mwake muli mawilo okhala ndi zipsepse, oyang'anizana. Injini imazunguza wilo limodzi, wilolo limaponya mafuta, ndipo mafutawo amazunguza wilo linzake limene limapereka mphamvu ku matayala.

Injini ikamalira pang'onopang'ono, mafuta amayenda mofatsa, ndipo buleki imatha kuigwira galimoto popanda injini kuzima. Ici ndico cifukwa cake kilachi siifunika. Woyendetsa akaponda moto, mafuta amathamanga mwamphamvu ndipo galimoto imanyamuka.

Mafuta a m'bokosili ali ndi nchito zitatu. Amanyamula mphamvu ya injini, amakankha malamba ndi timbale timene timasintha magiya, ndiponso amaziziritsa ndi kufewetsa zitsulo. Amene amawayendetsa ndi pampu yozunguzidwa ndi injini. Motero injini ikazima, pampuyo imaima, ndipo zitsulo za mkati zimatsala zopanda cozithira mafuta. Mfundo imeneyi njofunika kuikumbukira, pakuti mavuto ambiri amacokera pa kuiiwala.

M'mabokosi akale mulibe kompyuta. Bokosi limasankha giya poona zinthu ziwiri: liwiro limene galimoto ikuthamanga, ndi mmene phazi laponderera moto. Uthenga wa phazi umafika kudzera pa waya, pa ndodo, kapena pa kapaipi ka mpweya kocokera ku injini. Waya ameneyu akatayirira kapena kapaipiko kakang'ambika, magiya amasintha mocedwa kapena mwankhanza, ndipo wosadziwa amaganiza kuti bokosi lonse lafa pamene cofunika ndi kumanga kanthu kakang'ono.

Malembo a pa ndodo

Magalimoto a masiku ano ali ndi malembo ondandalikidwa motere: P, R, N, D, L. Lemba P ndi loimikira galimoto, R ndi lobwerera m'mbuyo, N ndi losagwira giya iri yonse, D ndi loyendera, ndipo L ndi giya yaing'ono yamphamvu. Koma kale sizinali conco m'magalimoto onse. Hydra-Matic yoyamba inali ndi N, D, L, R, popanda P, ndipo poimika galimoto woyendetsa ankazimitsa injini naika ndodo pa R kuti matayala amangike. Powerglide kufikira caka ca 1957 inali ndi P, N, D, L, R, ndipo inasintha mu 1958. Kuyambira mu 1968 lamulo la ku America linafuna kuti N akhale pakati pa magiya opita kutsogolo ndi giya yobwerera m'mbuyo.

Ngozi yake njoonekeratu. Munthu wozolowera galimoto yatsopano akafuna giya yamphamvu amakokera ndodo kumapeto osayang'ana. M'galimoto yakale ya mtundu uja, kumapetoko kuli R. Ngati galimoto yaima pamsika ndipo kumbuyo kwake kuli ana kapena mai wogulitsa tomato, kulakwa kwa lemba limodzi kungabweretse maliro. Mabokosi ena, monga PowerFlite ya Chrysler, analibe P nkomwe, kotero kuti galimoto yoima inkadalira buleki ya dzanja yokha, ndipo pamalo otsetsereka mwala wa kutayala unali wofunika.

Ndiponso kasingano koloza malembo kamasokonekera ndi ukalamba, ndipo kangathe kuloza N pamene bokosi lili pa D. Cotero woyendetsa watsopano ayenera kuyamba wakhala m'galimoto injini ili yozima, buleki ya dzanja ili yokoka, nayendetsa ndodo lemba ndi lemba kufikira dzanja litadziwa malo a giya iri yonse.

Kuliza ndi kunyamuka

Kabwe ili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo m'miyezi ya June ndi July m'mawa kumazizira kwambiri. Injini zakale za kabureta zimafuna choki kuti zilire pa nthawi yotere, ndipo choki ikakhala yotseka injini imalira mothamanga. Woyendetsa akaika D injini ikuthamanga conco, galimoto imalumpha monga ng'ombe yolumidwa ndi kambalame ka pamsana, ndipo zitsulo za m'bokosi zimamenyana. Njira yabwino ndiyo kudikira mphindi zingapo kufikira injini itatentha ndi kufatsa. Pa nthawi yodikirayo mwini galimoto angathe kusuzumira pansi kuona ngati pali madontho ofiira, amene amasonyeza kuti bokosi likudontha.

Injini iyenera kulira pamene ndodo ili pa P kapena pa N pokha. Pali kaswichi koteteza zimenezi, koma m'magalimoto ambiri akale kanafa, ndipo amakanika ena anakadumpha ndi waya kuti nchito icepe. Galimoto yotere ingathe kulira ili m'giya ndi kuyamba kuyenda pomwepo. Cifukwa cace phazi liyenera kukhala pa buleki kiyi asanapotozedwe.

Poika D kapena R, phazi likhalebe pa buleki, ndipo woyendetsa adikire kamphindi kufikira amve kuti giya yagwira, ndipo pamenepo ndiye aponde moto. Bokosi lokalamba limacedwa kudzaza mafuta m'njira zake. Galimoto ya otomatiki ikakhala m'giya imakwawa yokha ngakhale moto usanapondedwe, ndipo zimenezi zimathandiza pamene munthu akuturuka pa cipata kapena kuyenda pakati pa anthu ambiri.

Phazi lakumanzere lilibe nchito, ndipo ndi bwino kulibweza pafupi ndi mpando. Copondera buleki m'magalimoto otere ncacikuru, ndipo munthu wozolowera kilachi, pofika pa mphambano, amaciponda ndi mphamvu yonse poganiza kuti akusintha giya. Galimoto imaima mwadzidzidzi, okwera amagunda mitu, ndipo wa kumbuyo amaomba. Magalimoto ambiri a nthawi imeneyo anaturuka m'fakitale opanda malamba a pampando, motero kuima kotere kumapweteka.

Pakati pa tauni ya Kabwe, pafupi ndi mkuyu waukuru uja umene Boma linausunga monga cikumbutso ca dziko, pamadutsa njinga, mawilibala, mabasi ang'onoang'ono ndi malole akuruakuru. Pamalo otere galimoto yakale imayenda bwino ndi phazi lopepuka. Poima nthawi yaitali, monga podikira sitima kuti idutse, ndi bwino kuika N ndi kukoka buleki ya dzanja kuti mafuta asatenthe. Kuigwira galimoto pa citunda mwa kuponda moto pang'ono, m'malo mwa buleki, kumaphika mafuta. Ndipo ndodo isapite pa R kapena pa P galimoto isanaimiretu, pakuti cimene cimamanga matayala pa P ndi kacitsulo kosaposa cala ca munthu, ndipo kakathyoka, bokosi liyenera kutsegulidwa.

Pa mseu waukuru ndi pa phiri

Woyendetsa wodziwa amalamula magiya ndi phazi. Akaponda moto mofatsa, bokosi limasintha msanga ndipo petulo amapita wocepa. Akaponda kwambiri, bokosi limakhalitsa m'giya yaing'ono. Akafuna kuti giya yaikuru ilowe, amapeputsa phazi pang'ono ndipo imalowa. Akaponda moto mpaka pansi, bokosi limatsika giya imodzi kuti galimoto ipeze mphamvu yopitirira inzake.

Pamenepa ndi pamene pali msampha. Mseu wa pakati pa Kabwe ndi Lusaka, ndiponso wopita ku Kapiri Mposhi, umayendedwa ndi malole ataliatali opita ku migodi, ku Congo ndi ku Tanzania. Galimoto yatsopano ili ndi magiya anai, asanu kapena oposa, ndipo imayankha msanga. Bokosi la magiya awiri kapena atatu, liwiro likapitirira malire ake, silitsikanso giya ngakhale phazi lifike pansi, ndipo galimoto imaonjeza liwiro mwapang'onopang'ono ili kumbali ya magalimoto obwera. Woyendetsa galimoto yakale ayenera kuona mseu wautali wopanda kanthu asanayese kupitirira lole, ndipo akakayika, atsalire kumbuyo. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mabuleki a magalimoto ambiri a zaka zimenezo ndi a ng'oma, amene akatentha amaleka kugwira. Ndiponso ambiri ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a buleki, kotero kuti paipi imodzi ikaphulika, matayala onse anai amatsala opanda buleki. Dziko la kufupi ndi Kabwe ndi lacidikha, ndipo zimenezi sizioneka msanga. Koma banja likaganiza zopita kumudzi ku Petauke, ku Katete kapena ku Chipata, liyenera kutsika mapiri a Manenekela pa Great East Road lisanafike pa mlatho wa Luangwa.

Madalaivala ena ali ndi cizolowezi coika galimoto pa N potsika phiri kuti asunge petulo. Cizolowezi cimeneci ncoopsa m'galimoto iri yonse, ndipo m'galimoto yakale ya otomatiki ncoopsa koposa. Pa D pomwe, bokosi lotere siligwira galimoto kwenikweni monga imacitira giya ya kilachi, ndipo pa N siligwira konse. Katundu yense amagwera pa mabuleki, amene amatentha phiri lisanathe. Cofunika ndico kucepetsa liwiro pamwamba pa phiri, kuika ndodo pa L galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, ndi kulola injini kuti ithandize mabuleki. Kuzimitsa injini potsika phiri ndiko kuipitsitsa, cifukwa pampu ya mafuta imaima.

Kukankha ndi kukoka

Kumudzi batire ikatha, mankhwala ake amadziwika: anyamata anai kapena asanu amakankha, woyendetsa amasiya kilachi, ndipo injini imalira. Galimoto ya otomatiki siilira motere, pakuti popanda pampu kuyenda palibe cogwirizanitsa matayala ndi injini.

Nzoona kuti mabokosi ambiri oyamba, monga Hydra-Matic yakale, Powerglide isanafike 1967, ndi Borg-Warner 35 yoyambirira, anali ndi pampu yaciwiri kumbuyo, yozunguzidwa ndi matayala. Acikulire amene amakumbukira kuti galimoto yotere inalira poikankha sanama. Koma kuti pampu imeneyi igwire, galimoto iyenera kufika liwiro la makilomita pafupifupi 40 pa ola, limene anthu okankha ndi manja sangalifikire pamalo osalaza. Kuikoka ndi cingwe kufikira liwiro limenelo nkoopsa, cifukwa injini ikalira galimoto imathamangira kukaomba imene ikuikoka. M'kupita kwa zaka opanga anacotsa pampu yakumbuyoyo, ndipo magalimoto a lero alibe.

Njira yabwino ndiyo kubwereka batire ina kapena kulumikiza mawaya kucokera ku galimoto inzake. Pamenepanso pafunika kusamala. Magalimoto ambiri a ku America asanafike 1955 anali ndi magetsi a mavoti 6 m'malo mwa 12. Magalimoto ambiri a ku England, kufikira pakati pa zaka za m'ma 1960, anamangirira mutu wa batire wa cizindikiro ca + ku thupi la galimoto, mosiyana ndi magalimoto a lero. Wolumikiza mawaya ayenera kuwerenga zizindikiro za pa batire zonse ziwiri, ndipo magalimoto awiriwo asakhudzane.

Galimoto ikafera panjira, anthu amaitana thirakitala kapena ng'ombe. Kukoka galimoto ya otomatiki mtunda wautali injini ili yozima ndipo matayala akumbuyo ali pansi, kumazunguza zitsulo za m'bokosi popanda mafuta okwanira. Galimoto imene inangofa waya wa magetsi ingafike ku galaji itapsa bokosi. Ngati mtunda uli wautali, makanika ayenera kumasula citsulo cacitali copereka mphamvu ku matayala akumbuyo, kapena matayalawo anyamulidwe, kapena galimoto yonse ikwezedwe pa lole.

M'nyengo ya dzinja, galimoto ikatitimira m'matope a m'dambo, kapena mumcenga m'cilimwe, woyendetsa amayesa kuigwedeza mwa kusinthanitsa giya yakutsogolo ndi yakumbuyo. Opanga akale anaika L pafupi ndi R kuti zimenezi zicitike mosavuta. Kucita conco kangapo mofatsa sikulakwa, koma kulimbikira kwa nthawi yaitali, injini ikubangula, kumatentha mafuta kufikira atanunkha. Khasu, nthambi za mitengo ndi mapewa a anthu zimawononga ndalama zocepa kuposa bokosi latsopano.

Mafuta oyenera ndi petulo wa lero

M'magalimoto ambiri otere mafuta a bokosi amapimidwa injini itatentha ndipo ikulira, galimoto ili pamalo osalaza, ndodo ili pa P kapena N monga buku la galimotoyo linenera. Mafuta abwino ngofiira ndi oyera. Akada ndi kununkha ngati nsima yopserera, timbale ta mkati tayamba kupsa. Akaoneka ngati mkaka wofiirira, madzi a rediyeta alowamo, ndipo galimoto isayendenso kufikira itakonzedwa. Akacepa, magiya amaterereka, ndipo akacurukitsa amacita thovu.

Mafuta a injini kapena a buleki sayenera kuthiridwa m'bokosi limeneli. Ngakhale mafuta a otomatiki omwe ali a mitundu. General Motors inakhazikitsa mtundu wa Type A mu 1949 ndi wa Dexron mu 1967, pamene Ford inali ndi mtundu wake wa Type F. Bokosi lopangidwira mtundu umodzi lingaterereke kapena kusintha mwankhanza likalandira mtundu wina. Mwini galimoto asagule botolo cifukwa cakuti mafuta ake ngofiira. Ayenera kudziwa dzina la bokosi lake ndi mafuta amene linapangidwira.

Nkhani ya petulo ikukhudza Kabwe mwa njira yake. Injini za nthawi imeneyo zinapangidwira petulo wothiridwa mtovu, umene unkateteza mipando ya mavavu kuti isadyeke. Koma mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana, ndipo anthu a ku Kasanda, Chowa ndi Makululu akudziwa zimenezi kuposa ena, pakuti fumbi la mgodi, umene unatsekedwa mu 1994, linatsala m'nthaka yao. Maiko a kumwera kwa cipululu ca Sahara analeka petulo wa mtovu pofika kuciyambi kwa 2006, ndipo dziko lomaliza pa dziko lonse linaleka mu 2021. Galimoto yakale imayendabe ndi petulo wopanda mtovu, koma ngati iziyenda maulendo ataliatali mothamanga, mipando ya mavavu iyenera kusinthidwa ndi yolimba, kapena mwini wake azithira mankhwala opangidwira nchito imeneyi.

Cifukwa cake anasowa, ndi mmene anabwerera

Magalimoto akuruakuru a otomatiki ankamwa petulo wambiri kuposa anzao a kilachi, cifukwa mphamvu ina inkatayika m'mafuta a mumphika uja. Pa 11 November 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linadzilengeza lokha kuti ndi lodziimira, ndipo njira ya mafuta yocokera kumwera inatsekeka. Petulo anayamba kugawidwa mwa muyeso, ndipo migolo yake inkabwera pa malole kucokera ku Dar es Salaam pa mseu woipa, kufikira paipi ya TAZAMA yofika ku Ndola inatsegulidwa mu 1968. Mu 1973 mtengo wa mafuta unakwera pa dziko lonse, ndipo mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Ndalama zakunja zinasowa, ndipo zitsulo za magalimoto zinasowa nazo.

M'zaka zimenezo anthu anakonda magalimoto osavuta kukonza pansi pa mtengo ndiponso otheka kukankha, monga Peugeot 404, Land Rover, Datsun ndi Fiat, imene inayamba kulumikizidwa ku Livingstone mu 1972. Magalimoto ambiri a otomatiki anakwera pa njerwa nthawi imeneyo, ena cifukwa ca kampira kamodzi kosapezeka.

Kuyambira zaka za m'ma 1990 malonda atamasulidwa, magalimoto ogwiritsidwapo kale nchito a ku Japan anayamba kulowa ambiri, ndipo ocuruka mwa iwo ndi a otomatiki. Lero mlimi amene wagulitsa bwino fodya, soya kapena thonje angathe kubwera kumudzi ndi galimoto ya zopondera ziwiri. Ngakhale magalimoto amenewa ali ndi kompyuta, malangizo akuru sanasinthe. Salira mwa kukankha, safuna kukokedwa mtunda wautali injini ili yozima, sayenera kutsika phiri pa N, ndipo moyo wao uli m'mafuta oyenera.

Banja limene lili ndi galimoto yakale yotere, lisanaiturutse pa mseu, liyenera kukonza mabuleki ndi matayala coyamba, pakuti tayala lokhala zaka zambiri limauma ndi kung'ambika ngakhale mano ake akuoneka atsopano. Kenaka galimoto ikapimidwe ndi bungwe la RTSA, limene limayang'anira za pa mseu, ndi kulipiridwa msonkho ndi inshuwalansi monga galimoto ina iri yonse. Ku Kabwe kukali acikulire amene anaphunzira umakanika m'mashopu a mgodi ndi a njanji, ndipo ena mwa iwo anatsegulapo mabokosi amenewa ndi manja ao. Safunsa anadya phula. Mdzukulu amene walandira kiyi angacite bwino kupita ndi mmodzi wa akuruwa pa bwalo lopanda anthu, nayeseza kunyamuka, kuima ndi kubwerera m'mbuyo kwa masiku angapo, asanakweze ana ndi amai ao kulowa nao mu Great North Road.